Tifunseni: Browser Yatsopano Yatuluka, Wopanga Mawebusaiti Ayang'ane Chiyani?

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa anthu opanga ndi kusamalira mawebusaiti, ndipo akuzungulira pa nkhani imodzi: ma browser akusintha pafupipafupi, ndiye munthu angadziwe bwanji kuti version yatsopano siiwononga ntchito yake? Makalata ena tawafupikitsa kuti malo atikwanire.

Akonzi, ndimasamalira mawebusaiti angapo a makasitomala. Ndimadzamva kuti browser yasintha kasitomala ataimba kale foni kuti china chake chafa. Kodi pali njira yoyesera version yatsopano isanafike kwa anthu? Ndiyambire pati?

Njira ilipo, ndipo opanga ma browser anaikonza dala kuti inu muziona zosintha anthu wamba asanazilandire. Yambani ndi kudziwa kayendedwe kawo. Mu 2020 Firefox inayamba kutulutsa version yaikulu pa milungu 4 iliyonse, ndipo Chrome inachita chimodzimodzi mu 2021 kuyambira pa version 94. Safari ili ndi kachitidwe kake: version yaikulu imabwera kamodzi pachaka, cha mu Seputembala, limodzi ndi iOS yatsopano, kenako zing'onozing'ono zimatsatira m'kati mwa chaka.

Version iliyonse imadutsa m'magawo isanafike kwa anthu. Chrome ili ndi Canary, yomwe imasintha tsiku ndi tsiku, kenako Dev, Beta, ndi Stable ya anthu onse. Firefox ili ndi Nightly, Beta ndi Developer Edition. Apple ili ndi Safari Technology Preview, yomwe inayamba mu 2016 ndipo imayenda pa Mac pokha. Ife timalangiza Beta. Canary ndi Nightly zimawonongeka pazokha, moti mungathe tsiku lonse mukusaka vuto lomwe eni ake alikonza mawa lake. Beta ndiyo imafanana kwambiri ndi zomwe makasitomala anu adzalandira, koma imakusiyirani milungu ingapo yoti mukonze zanu.

Mukaiika pa kompyuta, musaitsegule ndi profile yanu ya masiku onse. M'profile yakale muli ma extension, cache, ma cookie ndi ma service worker (timapulogalamu ta webusaiti togwira ntchito kuseri kwa tsamba), ndipo chilichonse mwa izi chikhoza kubisa vuto kapena kukuonetsani vuto lomwe anthu ena sadzaliona. Pa Chrome, yambitsani browser ndi `--user-data-dir` n'kuilozera ku foda yopanda kanthu. Pa Firefox lembani `about:profiles` pamalo a adiresi n'kupanga yatsopano. Profile ikatsegulidwa ndi version yatsopano musaibwezerenso ku yakale, chifukwa kasungidwe ka mafayilo kamakhala katasintha. Firefox inayamba kuchenjeza za zimenezi pa version 67.

Tsopano werengani zolengeza za version imeneyo, koma muyambire kumunsi. Pamwamba amaikapo zatsopano zosangalatsa. Zomwe zimagwetsa webusaiti yomwe ikugwira kale ntchito ndi zomwe achotsa kapena kusintha khalidwe lake, ndipo izi zimakhala chakumapeto. Za Chrome muzipeza pa chromestatus.com, za Firefox pa MDN pomwe version iliyonse ili ndi tsamba la opanga mawebusaiti, za Safari pa webkit.org.

Taonani mmene vuto lotere limabisalira. Mu Julayi 2024 Chrome 127 inachotsa ma mutation event, mauthenga odziwitsa code kuti china chasintha pa tsamba, monga `DOMNodeInserted` ndi `DOMSubtreeModified`. Code yomwe inkadikira ma event amenewa sinaime ndi error yoti munthu n'kudzidzimuka nayo. `addEventListener` imalandira dzina lililonse lomwe mwaipatsa, choncho mzerewo umadutsa bwinobwino, kungoti event yodikiridwayo siibweranso. Menyu siitseguka, kalendala ya pa fomu siioneka, ndipo chomwe chili mu Console, pomwe browser imalemba mauthenga kwa opanga mawebusaiti, ndi uthenga wa deprecation, wochenjeza za chinthu chochotsedwa, umene ambiri amaudumpha. Njira yodalirika ndi kutenga dzina la chinthu chochotsedwacho n'kulisaka m'mafayilo onse a JavaScript omwe tsamba limakoka, kuphatikizapo ma library ndi ma plugin amene simunalembe ndinu. Kawirikawiri vuto limakhala mmenemo, mu plugin yomwe inaikidwa zaka zapitazo ndipo palibe akuikumbukira. Cholowa m'malo mwa ma event amenewo ndi `MutationObserver`.

Mukatha kuwerenga, tsegulani mawindo awiri moyandikana, Stable kumanzere, Beta kumanja, ndipo chitani zinthu zofanana m'onse awiri. Musataye nthawi pa tsamba loyamba lokha. Yendani njira zomwe zikafa kasitomala amaluza: kulowa ndi kutuluka mu akaunti, kudzaza fomu n'kuitumiza, kutumiza fayilo, kulipira, kusindikiza risiti, ndi kudina batani lobwerera m'mbuyo pakati pa zonsezi. DevTools, zida za opanga mawebusaiti za m'kati mwa browser, ikhale yotsegula, mu Console muchonge Preserve log kuti mauthenga asafufutike tsamba likasintha, ndipo muziona gawo la Issues, pomwe Chrome imalemba za ma cookie okanidwa ndi zinthu zomwe zatsala pang'ono kuchotsedwa.

Ngati muli ndi ma test odziyendera okha, apa ndi pomwe amakupulumutsani. Playwright, chida choyendetsera ma test otere, imalola kusankha channel ya `chrome-beta`, ndiye ma test omwewo aziyenda kamodzi pa sabata pa Beta. Ogwiritsa ntchito Selenium, chida china chotere, akumbukire kuti nambala yaikulu ya ChromeDriver, pulogalamu yomwe Selenium imayendetsera Chrome, iyenera kufanana ndi ya Chrome. Ma test ambiri omwe amafa m'mawa Chrome itadzisintha usiku amafera pamenepa, webusaiti ilibe mlandu. Chrome for Testing, yomwe inatuluka mu 2023, siidzisintha yokha ndipo version iliyonse ili ndi ChromeDriver yake.

Kasitomala wanga akuti batani lotumizira oda lasiya kugwira Chrome yake itangosintha. Ine ndayesa pa kompyuta yanga, likugwira. Ndimuyankhe chiyani?

Musamutsutse, chifukwa n'kutheka nonse mukunena zoona. Version yatsopano siifika kwa anthu onse tsiku limodzi, imagawidwa pang'onopang'ono, ndipo ngakhale itafika siyamba kugwira ntchito mpaka munthu atatseka browser n'kuitsegulanso. Mupempheni alembe `chrome://version` pamalo a adiresi, ajambule zomwe zatuluka n'kukutumizirani. Yerekezani nambala yonse ndi yanu, osati yoyamba yokha.

Nambala zikafanana, pitirizani kuona pansi pa tsamba lomwelo pomwe palembedwa Variations. Chrome imayatsa zinthu zina kwa gawo chabe la anthu kuti ione mmene zikuyendera, choncho makompyuta awiri okhala ndi version imodzi akhoza kuchita zosiyana. Ngati kasitomalayo ali pa kompyuta ya kuntchito, aonenso `chrome://policy`, pakuti akuluakulu a IT amatha kuzimitsa kapena kukakamiza zinthu zina.

Koma kunena zoona, nthawi zambiri browser imangonamiziridwa. Zomwe zimachitika n'zakuti tsamba la HTML lafika latsopano pamene fayilo ya JavaScript ikuchokera mu cache kapena kwa service worker wakale, ndiye batani likuitana function yomwe m'fayilo yakaleyo mulibe. Ayese pa windo la Incognito. Likagwira mmenemo, wolakwa ndi cache, service worker kapena extension, popeza Incognito imayamba yopanda zosungidwa ndipo ma extension amakhala ozima pokhapokha mwini wake atawalola. Kwa inu, mu DevTools pitani ku Application, kenako Service workers, muchonge Bypass for network muone ngati pali kusintha. Mankhwala okhalitsa ndi kuika hash m'dzina la fayilo iliyonse ya JavaScript ndi CSS, kuti code ikasintha dzina lisinthenso.

Mufunsenso kuti linkiyo akuitsegulira pati. Ambiri amati "Chrome" pamene adina linki m'kati mwa Facebook kapena pulogalamu ina ya pa foni, yomwe imatsegula tsamba mu WebView, kabrowser ka m'kati mwa pulogalamuyo. Pa Android, WebView imasinthidwa payokha kudzera pa Play Store ndipo ikhoza kutsalira m'mbuyo.

Mukamupempha fayilo ya HAR, yosunga zonse zomwe browser inatumiza ndi kulandira, yochokera ku gawo la Network la DevTools, samalani nayo. Imatha kukhala ndi ma token ndi zomwe munthu analemba pa fomu, choncho isatumizidwe pagulu.

Ndaona kuti version yatsopano yabwera ndi CSS yomwe ingandichotsere JavaScript yambiri. Ndayesa, ikugwira bwino kwabasi. Ndiiike pa webusaiti ya kasitomala sabata ino?

Chisangalalo chanu tikuchimvetsa, pakuti CSS ya zaka zino yachotsadi ntchito yambiri yomwe kale inkafuna JavaScript. Koma dekhani kaye muone ngati ma browser a alendo a kasitomalayo akuidziwa. Tengani `:has()`. Inafika pa Safari 15.4 mu Malichi 2022, pa Chrome 105 mu Ogasiti chaka chomwecho, koma pa Firefox inafika ndi version 121 mu Disembala 2023. Pakati pa woyamba ndi womaliza panadutsa miyezi 21. Pa `subgrid` zinatembenuka: Firefox inali nayo kuyambira version 71 mu 2019, Chrome n'kudzaipeza pa version 117 mu 2023. Palibe browser yomwe imatsogola pa zonse.

Pali msampha wina pa ma selector atsopano. Mukalemba ma selector angapo olekanitsidwa ndi makoma pa lamulo limodzi, browser ikalephera kumva imodzi imataya lamulo lonse, pamodzi ndi ma selector akale omwe imawadziwa bwino. Selector yatsopano muziipatsa lamulo lakelake.

Chothandiza posankha ndi chizindikiro cha Baseline, chomwe chinayamba mu 2023 ndipo chimaoneka pa MDN ndi pa caniuse.com. Chinthu chimatchedwa Newly available chikafika pa Edge, komanso pa Chrome, Firefox ndi Safari za pa kompyuta ndi pa foni pomwe, ndipo chimakhala Widely available pakadutsa miyezi 30 kuchokera pamenepo. Pa webusaiti ya anthu onse ife timadikira gawo lachiwirili ngati chinthucho chikhudza kagwiridwe ka tsamba. Ngati n'chongokongoletsa, choti chikasowa tsamba liwerengekabe, chiikeni lero. Onaninso ziwerengero za alendo a webusaitiyo, makamaka a iPhone. Safari ya pa iPhone imasintha pamodzi ndi iOS, ndiye foni yomwe yasiya kulandira iOS yatsopano imakhala pa Safari yakale mpaka mwini wake atagula ina.

Lembani kaye CSS yogwira paliponse, kenako yatsopanoyo muiike m'kati mwa `@supports`. Dziwani komabe kuti `@supports` imangofunsa ngati browser ikulidziwa dzina ndi value yake, siifunsa ngati ikugwira pamalo pomwe inu mukufuna. `gap` inayamba kugwira pa grid kale isanagwire pa flexbox, ndipo Safari inaipeza pa flexbox ndi version 14.1 mu 2021. Safari yakale ikafunsidwa za `gap` inkavomera, koma zinthu za mu flexbox n'kumathithikana popanda mpata.

Funso lina n'lakuti munaiona bwanji ikugwira. Ngati munayatsa china chake pa `chrome://flags` kapena `about:config`, alendo anu alibe chimenecho. Ngati ili pa origin trial, nthawi yoyesera chinthu chatsopano pa mawebusaiti olembetsa okha, token yake ili ndi tsiku lothera ndipo kalembedwe kakhoza kusintha. Ngakhale dzina lenilenilo limasintha: mu 2018 method ya JavaScript yotchedwa `flatten` itaikidwa pa Firefox Nightly inawononga mawebusaiti ogwiritsa ntchito library yakale ya MooTools, ndipo komiti ya TC39, yokonza malamulo a JavaScript, inaisintha dzina kukhala `flat`. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Chomwe sichinafike pa Stable musachilonjeze kwa kasitomala.

Opanga browser ina alengeza kuti version yawo yatsopano ndi yachangu kuposa kale. Ndingatsimikize bwanji? Nanga ikathamangadi, webusaiti yanga ithamanganso?

Zolengeza zotere zimachokera pa ma benchmark, ndipo mutha kuwayendetsa nokha pa browserbench.org. Speedometer 3.0, yomwe inatuluka mu Malichi 2024 ndipo anaikonzera limodzi a Apple, Google, Microsoft ndi Mozilla, imayeza changu cha browser poyankha zochita za munthu pa ma app a pa intaneti. JetStream imayeza JavaScript ndi WebAssembly, MotionMark imayeza zojambula.

Kuti zotsatira zikhale ndi tanthauzo, yesani ma version onse awiri pa kompyuta imodzi, yolumikizidwa ku magetsi, mapulogalamu ena atatsekedwa, profile yoyera, DevTools yotseka. Laputopu ikakhala pa batire kapena ikatentha imachepetsa liwiro la purosesa, ndiye version yomwe mwaiyesa kachiwiri imaoneka yaulesi popanda chifukwa. Ipumitseni pakati, bwerezani kasanu, ndipo mutenge nambala yapakati. Kusiyana kwa ma version awiriwo kukakhala kochepa poyerekeza ndi mmene zotsatira za version imodzi zikusiyanirana zokha, ndiye kuti palibe chomwe mwapeza.

Za webusaiti yanu, yankho n'lakuti mwina ayi. Ngati imachedwa chifukwa cha chithunzi cha 3 MB kapena seva yoyankha mochedwa, injini ya JavaScript ithamange bwanji, mlendo adikirabe. Yezani tsamba lenilenilo ndi miyezo ya Core Web Vitals: LCP (nthawi yoti chinthu chachikulu pa tsamba chioneke) isapitirire masekondi 2.5, INP (nthawi yoti tsamba liyankhe munthu akadina) isapitirire ma millisecond 200, CLS (kusunthasuntha kwa zinthu pa tsamba) isapitirire 0.1, ndipo izi zikwaniritsidwe pa maulendo 75 mwa 100 alionse otsegula tsambalo. INP inalowa m'malo mwa muyezo wakale wa FID mu Malichi 2024.

Mu gawo la Performance la DevTools, jambulani chochita chimodzi pa ma version onse awiri, monga kutsegula mndandanda wa katundu n'kudina batani losefera. Ikani CPU throttling pa 4x kuti kompyuta yanu iyandikire mphamvu ya foni. Fufuzani ntchito zotenga nthawi yoposa ma millisecond 50, zomwe zimaikidwa chizindikiro chofiira pakona, chifukwa pa nthawi imeneyo tsamba silingayankhe munthu akadina. Pa sikirini ya 60 Hz chithunzi chilichonse chili ndi ma millisecond pafupifupi 16.7 okha, choncho ntchito imodzi yaitali imadya zithunzi zingapo ndipo diso limaona kudodoma.

Chenjezo pa Lighthouse, chida chopereka malikisi a changu cha tsamba: ya m'kati mwa DevTools imasintha pamodzi ndi Chrome, ndipo kawerengedwe ka malikisi kamasinthanso. Lighthouse 10 ya mu 2023 inachotsa muyezo wa Time to Interactive n'kukweza gawo la CLS kufika pa 25 peresenti. Malikisi akakwera kapena kutsika browser itasintha, onani kaye ngati choyezeracho sichinasinthe. Yerekezani manambala a muyezo uliwonse, osati malikisi a pamwamba aja.

Code yomwe ndinaipeza pa ntchito imayang'ana `navigator.userAgent` kuti idziwe version ya browser. Version yatsopano ikutulutsa uthenga woti browser ndi yakale. Ndingowonjezera nambala yatsopanoyo?

Mukatero mudzabwereranso pomwepa version ina ikatuluka. Code yotere ili ndi mbiri yoipa. Opera itafika pa version 10 mu 2009, mawebusaiti owerenga nambala imodzi yokha ankaiona ngati version 1, mpaka Opera inayamba kudzitchula 9.80 kumayambiriro kwa User-Agent yake. Mu 2022 Chrome ndi Firefox zitafika pa 100 vuto lomwelo linabweranso: code yotenga manambala awiri inkawerenga 10, ndipo yoyerekeza manambala ngati mawu inkaona 100 ngati yochepa kuposa 99 chifukwa imayamba ndi 1.

Ngakhale mutakonza kawerengedwe, zolembedwa mu User-Agent n'zosadalirika. Ya Chrome ili ndi mawu akuti Safari, ya Edge ili ndi Chrome ndi Safari, ndipo zonse zimayamba ndi Mozilla/5.0. Chrome inachepetsa dala zomwe imaulula: manambala otsatira version yaikulu amangolembedwa 0.0.0, ndipo pa Android foni iliyonse imadzitchula Android 10 ya mtundu K. Kuyambira iPadOS 13, Safari ya pa iPad imadzionetsa ngati Mac. Client Hints ndi `navigator.userAgentData` zilipo, koma pa ma browser omangidwa pa Chromium okha, monga Chrome ndi Edge.

Fufuzani chifukwa chomwe wolemba woyambayo ankafunira version. Pafupifupi nthawi zonse ankafuna kudziwa ngati chinthu china chilipo, ndiye funsani chinthucho mwachindunji: `'share' in navigator` ikuuzani ngati Web Share ilipo, `CSS.supports` ikuuzani za CSS. Uthenga wotsekereza munthu chifukwa cha nambala ya browser uchotseni.

Ndayesa webusaiti pa Chrome, Edge, Opera ndi Brave, zonse zili bwino. Zinayi sizinakwane?

Mwayesa injini imodzi kanayi, ndipo injini ndiyo code yomwe imawerenga ndi kujambula tsamba m'kati mwa browser. Zonsezo zimayendera Blink, yomwe inapatuka ku WebKit mu 2013, ndipo Edge inasamukirako mu Januwale 2020. Injini zikuluzikulu zilipo zitatu: Blink, Gecko ya Firefox, ndi WebKit ya Safari. Mwatsala ndi ziwiri.

Pa iPhone, Chrome ndi Firefox zimagwiritsa ntchito WebKit. Apple inatsegula mpata wa injini zina m'mayiko a European Union ndi iOS 17.4 mu 2024, koma poyesa ntchito yanu ingotengani kuti mlendo wa iPhone ali pa WebKit. Kachithunzi ka foni ka mu DevTools kamangosintha kukula kwa sikirini, kakhudzidwe ndi User-Agent, injini imakhala ya pa kompyuta yanu yomweyo. Sikangakuonetseni mmene `100vh` imabisira batani la pansi kuseri kwa mzere wa mabatani a browser ya pa foni, vuto lomwe `dvh` ndi `svh` zinabwera kudzathetsa. Pamafunika foni yeniyeni: ya Android muilumikize ndi USB n'kutsegula `chrome://inspect`, ya iPhone muyatse Web Inspector n'kuionera pa Safari ya pa Mac. Opanda Mac angayambe ndi WebKit ya Playwright, yomwe imagwira zambiri ngakhale siifanana ndendende ndi Safari.

Browser itasintha, ogula ena akamaliza kulipira pa tsamba la kampani yolandira ndalama amabwerera kwathu atatulutsidwa mu akaunti, dengu lawo lili lopanda kanthu. Ine ndikayesa zimayenda. Chikuchitika n'chiyani?

Zizindikiro zomwe mwafotokozazi ndi za cookie yomwe browser yakana kutumiza. Malamulo a ma cookie ndiwo asintha kwambiri m'zaka zapitazi, ndipo pa version iliyonse yatsopano ayenera kuyesedwa paokha.

Mu Febuluwale 2020 Chrome 80 inayamba kutenga cookie yopanda `SameSite` ngati ya `Lax`. Inaimitsa kaye kusinthaku mu Epulo chifukwa cha COVID-19, n'kuyambiranso mu Julayi. Cookie ya `Lax` imatumizidwa munthu akabwera kuchokera ku webusaiti ina kudzera pa linki wamba, koma siitumizidwa akabwera ndi POST kapena tsamba lanu likakhala mu iframe ya ena. Makampani ambiri olandira ndalama amabweza wogula ndi POST. Cookie ya session siifika, seva yanu imamuona ngati mlendo, n'kumupatsa session yatsopano yopanda kanthu.

Chifukwa chomwe inu simukuliona vutoli chikhoza kukhala ichi: Chrome inasiya kampata koti cookie yopanda `SameSite` yomwe sinathe mphindi 2 chiikidwire izitumizidwabe pa POST yotere. Inu mumalowa n'kulipira msangamsanga, wogula weniweni amafunafuna khadi, kudikira nambala ya pa SMS, mphindi ziwirizo n'kutha. Yesaninso, koma mukafika pa tsamba lolipirira mudikire mphindi 3. Pobwerera, mu Network dinani request imeneyo, pitani ku Cookies, muchonge poonetsa ma cookie osefedwa. Okanidwa aoneka pamodzi ndi chifukwa chake.

Pokonza pali njira ziwiri. Mutha kuika `SameSite=None; Secure` pa cookie yofunikayo, zomwe zimafuna HTTPS komanso chitetezo chokhazikika pa mafomu anu cha CSRF, chinyengo chomwe webusaiti ina imatumiza fomu m'dzina la mlendo wanu. Njira yomwe ife timaikonda ndi yakuti adiresi yolandira POST isadalire session ndipo isaike cookie yatsopano: ingotenga nambala ya oda n'kutumiza wogula ndi redirect ya 303 ku tsamba lanu, pomwe cookie yake ifika bwino. Chitsimikizo cha malipiro chizichokera ku uthenga wa pakati pa seva ziwiri.

Ngati malipiro kapena kulowa mu akaunti zili mu iframe, nkhani ndi ina. Safari inatsekeratu ma cookie a mawebusaiti achitatu kuyambira version 13.1 mu Malichi 2020, ndipo Firefox inayatsira aliyense wa pa kompyuta Total Cookie Protection mu Juni 2022, yomwe imasunga ma cookie otere padera pa webusaiti iliyonse. Apa `SameSite=None` payokha siithandiza. Onani Storage Access API, kapena chotsani iframe n'kugwiritsa ntchito redirect. Zonsezi muziyesere pa madomeni awiri enieni okhala ndi HTTPS, chifukwa pa `localhost` sizioneka mmene zilili.

Ndatsimikiza kuti tsamba langa limawonongeka pa Beta pokha. Ndikonze code yanga kapena ndidikire eni browser?

Dziwani kaye kuti wolakwa ndani. Koperani tsambalo, muzichotsa code theka ndi theka, mukuona ngati vuto likadalipo, mpaka mutatsala ndi fayilo imodzi ya HTML ya mizere yochepa yomwe ikulionetsabe, yopanda framework. Nthawi zambiri pofika apa mumapeza kuti code yanu inkadalira khalidwe lomwe malamulo a HTML kapena CSS sanalonjezepo, ndipo browser yangodzikonza. Tsegulani fayiloyo pa injini zina ziwiri. Ngati nazonso zikuchita monga Beta, konzani code yanu. Ngati Beta ili payokha, n'kutheka mwapeza regression, chinthu chomwe chinkagwira koma version yatsopano yachiwononga.

Mutha kupezanso kusintha kwenikweni komwe kunabweretsa vutolo. Pa Firefox pali mozregression, pa Chromium pali `bisect-builds.py`. Mumaiuza version yomwe inali bwino ndi yomwe yawonongeka, iyo imakoka ya pakati n'kuitsegula, inu mumayesa fayilo yanu n'kuyankha kuti ili bwino kapena ayi. Yankho lililonse limadula theka la zotsala, choncho pa ma build 1,000 mumayankha pafupifupi maulendo 10 basi.

Kenako lembani lipoti: la Chrome pa issues.chromium.org, la Firefox pa bugzilla.mozilla.org, la Safari pa bugs.webkit.org. Sakani kaye ngati wina sanalembe kale. Mulembemo version yonse ndi mtundu wa kompyuta kapena foni, masitepe obweretsera vutolo, zomwe mumayembekezera, zomwe zachitika, version yomaliza yomwe inali bwino, ndi zotsatira za bisect ngati muli nazo, ndipo mumatepo fayilo yaing'ono ija. Lipoti lotere likafika version ikadali pa Beta, pamakhala mwayi woti akonze kapena abweze kusinthako isanafike kwa anthu, ndipo opindula ndi mawebusaiti onse okhala ndi code yonga yanu.

Musangodikira yankho lawo. Onani tsiku lomwe version imeneyo ifike pa Stable, ndipo konzeranitu njira yozembera vutolo. Ikhale yaing'ono, ikhale pamalo amodzi, ndipo ngati n'kotheka iziyesa khalidwe lolakwikalo m'malo mowerenga nambala ya version. Pamwamba pake lembani comment yokhala ndi linki ya lipoti lanu ndi version yomwe vuto linayambira, kuti eni browser akadzakonza, inu kapena wodzalowa m'malo mwanu adzadziwe mizere yoyenera kufufuta.